Malo a Mpando Wachiwiri

Ine chibadwire sindikhulupirira munthu msanga. Wogulitsa tomato akandiikira basera, ndimayamba ndamutembenuza tomatoyo kuti ndione pamene pawola. Amuna anga anandikwatira akudziwa zimenezi, ndipo zaka zoyambirira ankangoziseka, amvekere ndinaphonya ntchito, ndikadakhala wapolisi wa pamsewu. Nkhani ya galimoto itabwera, kuseka kuja kunatha.

Nthawi imeneyo tinkakhala pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, m'nyumba ya kampani yomwe khonde lake linkayang'ana kufakitale. Iwo anali manijala wa kumunda, woyang'anira makapitawo ndi othyola tiyi. Ine ndinkaphunzitsa sitandade fayifi pa sukulu ya pa esiteti pomwepo. Kwathu ndi ku Kasungu, kwawo ndi kwa Mphuka, kumene msewu wake nthawi ya dzinja umachita kusankha galimoto. Mafoni a m'manja anali atangofika kumene m'matumba a anthu ngati ife. Mwana tinali naye mmodzi, wamkazi, wa zaka zitatu.

Tinali ndi kagalimoto kakang'ono, kotsika, koti kakaona chithaphwi kankayamba kutsokomola. Lamlungu lina tikuchokera kutchalitchi, mvula itagwa m'mawa wonse, kanaterereka pamatope ofiira aja a potsetsereka, nkutembenuka, nkukalowa m'tiyi. Sitinkathamanga ayi. Koma mwana anali pamiyendo panga kutsogolo, ndipo ngakhale ndinamugwira ndi manja onse awiri, anandipulumuka nkukamenyetsa chipumi pa dashibodi. Anamusoka ku kiliniki ya pa esiteti, akulira mpaka mawu kutha. Atate ake sanalowe m'chipindamo. Anaima panja atagwira mtengo wa khonde, malaya ali magazi okhaokha.

Patangotha sabata, mzungu wina wa kufakitale, amene ankabwerera kwawo, anayamba kugulitsa katundu wa m'nyumba. Anthu anathamangira mafiriji ndi makatani. Amuna anga anabwerako ndi mpando wa mwana wa m'galimoto, wakuda, wa malamba asanu okumana pachifuwa. Ine ndinaununkhiza kaye, nkuuchapa katatu, chifukwa sindinkadziwa kuti mwana wa eni akewo anachitirapo chiyani. Titapita nawo ku kagalimoto kathu tinapeza kuti kumbuyo kulibe lamba ndi mmodzi yemwe woumangira. Apo mpamene anagamula kuti kagalimotoko kagulitsidwe, tipeze yaikulu, yaitali, yokoka ndi matayala onse anayi, yoti mpandowo uzimangika bwino.

Pano ndiyenera kuulula chinthu chimene masiku amenewo sindinauze munthu. Ndinali nditadumphitsa miyezi iwiri. Tanthauzo lake ndinkalidziwa, ndipo m'malo mosangalala ndinkachita mantha, chifukwa ndinali nditapita padera kawiri, koyamba mwana wathuyu asanabadwe, kachiwiri ali ndi chaka ndi theka. Kachiwiriko ndinataya magazi ambiri, ndipo nditatuluka m'chipatala amuna anga ananena kamodzi kokha, osabwerezanso: "Basi amayi, mmodzi yemweyu atikwanira." Ananena ndi nkhope imene ankaonetsa akamachotsa munthu ntchito. Ndiye ndikanayambira pati kuwauza? Komanso kwathu, ngakhale kwawo, nkhani yotere sitchulidwa ikadali yaing'ono. Sugula thewera, susoka kamalaya, suuza mnzako, umangokhala chete mpaka chitenje chidzakuululire chokha. Ine sayansi ndinkaiphunzitsa Lachiwiri lililonse, koma pa nkhani imeneyi ndinkatseka pakamwa ngati wina aliyense.

Tinayamba kupita ku Limbe Loweruka lililonse, mpando uja titaunyamula. Kumeneko tinagwidwa ndi bambo wina wogulitsa galimoto zochokera kunja, wamfupi, wa nsapato zosongoka, makiyi ali lendelende m'chiuno. Ndinamuda nditangomuona. Munthu woseka asanamve nthabwala ine sindimumvetsa.

"Iyi madamu," anatero akusisita galimoto yoyamba, "ku Japan inkayendetsedwa ndi gogo wina wamkazi. Kumsika ndi kubwerera, basi."

Ndinatsegula kambale ka phulusa nkupeza zotsalira za ndudu. "Gogoyo ankasuta kwambiri, eti?"

Anaseka mpaka kugwira mawondo. Loweruka lotsatira anatisonyeza ina, ya gogo yemweyo. Ndinamufunsa kuti gogoyo anali ndi galimoto zingati, ndipo ngati akadali moyo atipatse adiresi tikamuthokoze.

Ine ndinkalimbana ndi wogulitsayo. Ndinkagogoda zitseko kuti ndimve pamene anamata, kusuzumira pansi ngati pakudontha oyilo, kukanda penti ndi chikhadabo iye akayang'ana kumbali. Amuna anga zonsezo analibe nazo ntchito kwenikweni. Injini ankangoimvera pang'ono, kenako nkulunjika kumbuyo. Ina, yomwe kale inali ya kampani ina ya tiyi, inali ndi mabenchi awiri oyang'anizana ngati m'chipinda chodikirira dokotala. Anangosuzumira nkutseka. Ina inali ya zitseko zitatu, yoti kuti uike mwana kumbuyo uyambe wapinda mpando wa kutsogolo, iwe nkupindikanso. Anayesa kulowetsa mpando uja, nkudzigunda mutu pafelemu, nkutuluka akutukwana m'Chilomwe.

Zikakhala za zitseko zisanu, anali ndi mwambo wawo. Ankagwira lamba wa kumbuyo nkumukoka mwadzidzidzi. Akagwira, nkhope inkamasuka, akangotsetsereka osagwira, ankapukusa mutu. Kenako ankaika mpando uja kumanzere, kupisa lamba m'mabowo ake, kuukanikiza ndi bondo, kumanga, nkuugwedeza ndi mphamvu zonse. Ukasuntha kuposa zala ziwiri, galimotoyo yalephera. Ine zimenezi ndinkazimvetsa, ndipo ndinkanyadira kuti mwana wanga ali ndi bambo wotere.

Chimene sindinkachimvetsa chinali chotsatira. Akatha kumanzere, ankamasula mpando uja nkukaumanganso kumanja, bondo lomwe lija, kugwedeza komwe kuja. Akatero ankaubwezera kumanzere, kumanjako nkuikako katoni yopanda kanthu yomwe ankayenda nayo, nkundiuza kuti ndilowe ndikhale pakati. Ndikakhala, ankawerama pakhomo nkundiyang'ana nthawi yaitali.

"Pakatipo pali bwanji, amayi?"

"Pothina," ndinkatero. "Katoniyi njachiyani?"

"Katundu."

Loweruka lachitatu tinapeza galimoto imene ine ndinaikonda. Inali yofiirira, mipando yake yosang'ambika, ndipo ngakhale ndinaizungulira kanayi sindinapeze ponamizira. Lamba wa kumanzere anagwira bwino, mpando unamangika osasuntha ndi pang'ono pomwe. Mwana wathu anakhalamo nkuyamba kuimba. Atate ake anazungulira kumanja, nkukoka lamba wa kumeneko. Anatsetsereka. Anakokanso, chimodzimodzi.

"Iyi ayi," anatero.

"Abambo, mwana ndi mmodzi. Afuna malamba angati?"

Anapita kukayang'ana matayala a galimoto ina, ngati sanamve. Ine ndinatsala ndi wogulitsa uja, ndipo poona kuti ndakwiya anafuna kundisangalatsa.

"Musadandaule madamu, ikubwera ina sabata ya mawa. Imeneyo ikwana onse awiri. Bwana anandiimbira kale, anati popanda malo a mipando iwiri ndisawavutitse."

"Iwiri?"

"Eetu, wamkulu uyu ndi kakang'onoko."

Ndinamwetulira. Ndikukumbukira bwino kuti ndinamwetulira, nkunena kuti zikomo achimwene, pamene m'makutu mwanga munkalira ngati mwalowa udzudzu. Ulendo wonse wobwerera, kudutsa Bvumbwe mpaka kulowa m'minda ya tiyi, ndinkangowerengera m'mutu. Za ine sakudziwa, chifukwa sindinauze munthu. Iwo anagamula okha kuti m'nyumba mwathu simudzabadwanso mwana. Ndiye kakang'onoko nka yani? Yankho linalipo limodzi lokha, ndipo aliyense wokhala pa esiteti ankalidziwa. Mamanijala a kumunda amayenda pa njinga yamoto tsiku lonse pakati pa azimayi mazanamazana, ndipo kumakomboni, kumene antchito amakhala, kunali ana angapo oti nkhope zawo zinkafanana ndi za m'nyumba za malata opentedwa.

Ndikanawafunsa tsiku lomwelo. Koma ine sindifunsa ndisanapeze umboni, ndimafuna ndikamafunsa munthu asowe pothawira.

Umboni woyamba unadzibweretsa wokha. M'nyumba yoyandikana nafe munkakhala mayi wina, mkazi wa injiniya wa kufakitale, amene nkhani za pa esiteti zinkamupeza zisanafike kwa eni ake. Anabwera kudzapempha tsabola, nkukhala pakhonde ola lathunthu.

"Anzanga, ndikutsineni khutu, koma musati mwamva kwa ine," anatero. "Abambo akwanu anawaona ku Limbe Lachitatu, musitolo ya amwenye, akufunsa timipando ta ana akhanda. Tija tokhala ngati beseni, toyang'ana kumbuyo." Anandiyang'ana pamimba, nkuona kuti palibe chooneka, nkuusa moyo. "Amuna a kumunda, mhu. Ine wanga bola amakhala m'makina."

Lachitatu limenelo amuna anga anandiuza kuti akupita ku msonkhano. Ku msonkhano anapitadi, koma za sitolo sananene.

Kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu amene lero ndimachita naye manyazi. Ndikaweruka kusukulu, m'malo modzera njira yachidule, ndinkazungulira ku shedi ya sikelo, kumene othyola tiyi amafola ndi madengu awo kukayezetsa masamba. Ndinkanamizira kufuna makolo a ana ojomba. Chimene ndinkafuna chinali makutu. Amuna anga ali ndi makutu otambalala, oti akaima padzuwa amaonekera kuwala, ndipo mwana wathu anawatengera ndendende. Ndiye ndinkayenda mumzere uja, moni apa, moni apo, nkumavundukula timitu ta makanda kumsana kwa amawo. "Kakula bwanji aka, kabadwa liti?" Amawo ankasangalala kuti aphunzitsi ndi okonda ana. Pa sabata imodzi ndinazindikira kuti theka la makanda a ku Thyolo ali ndi makutu otambalala, ndipo zimenezi sizinandithandize.

Kenako ndinasankha mmodzi. Anali mayi wamtali, wowongoka msana ngakhale atasenza dengu lodzaza, ndipo khanda lake linali la miyezi iwiri kapena itatu. Tsiku lina amuna anga anadutsa pa njinga yamoto nkumuponyera mawu m'Chilomwe, iye nkuseka atagwira pakamwa. Ine Chilomwe sindimva, kupatula moni ndi kutukwana. Zaka zonsezo ankayankhula Chilomwe ndi antchito, ndi makapitawo pafoni, ndi amayi awo, ine osalabadira. Tsopano liwu lililonse linkandibaya. Akatuluka ndi foni pakhonde, ndinkasiya mbale m'madzi nkukaima kuseri kwa chitseko, kumvetsera chiyankhulo chimene sindimva. Mayi uja akandipatsa moni panjira, ndinkayang'ana kumwamba. Anandipatsa moni masiku asanu ndi atatu, kenako anasiya.

M'nyumba ndinkaphika, kuchapa, kusita malaya awo, koma ndinkayamba ndapisa m'matumba. Ndinapezamo zingwe, pensulo, kapepala kolembapo manambala a minda, ndi tsamba louma la tiyi. Iwo ankaona kuti sindili bwino. Ankandilanda ndowa ndikafuna kunyamula, nkumandiuza kuti ndigone masana. Ine ndinkati ndi chikumbumtima chikuwadya. Ndinkalira ndekha kubafa, ndikuganiza kuti ndili ndi mwana m'mimba amene bambo ake samufuna, pamene wa kumakomboni akumukonzera mpando wa m'galimoto.

Galimoto imene wogulitsa uja analonjeza inachedwa masabata atatu, ndipo itafika anachita kuibweretsa yekha ku esiteti, Loweruka m'mawa, mvula itangokata. Inali yotuwa, yaitali, ya zitseko zisanu, yosakongola kwenikweni. Amuna anga anachita mwambo wawo wonse pabwalo pathu. Lamba wa kumanzere anagwira. Wa kumanja anagwira. Ngakhale wa pakati anali wodutsa paphewa, osati wa m'chiuno mokha ngati m'galimoto zina zija. Zitseko zinkatseguka mokwanira moti mwana anamukweza osawerama kwambiri. Ndinaona nkhope yawo ikuwala, ndipo ndinapsa mtima koposa.

Anati tikaiyese pamsewu weniweni, wa ku Masambanjati. Iwo anagwira chiwongolero, wogulitsa uja nkukhala pambali pawo. Ine ndinakhala kumbuyo pakati, mwana ali m'mpando wake kumanzere kwanga, katoni ija kumanja. Galimotoyo inkakwera zitunda za matope ngati palibe kanthu. Tinadutsa tiyi wa esiteti, nkulowa m'minda ya anthu, nthochi uku ndi uku. Pa Masambanjati azimayi anatithamangira ndi mabeseni a mapeyala ndi chinanazi, ife osaima. Titangopitirira, amuna anga anandiyang'ana pagalasi.

"Pakatipo pali bwanji, amayi?"

Ndisanayankhe, wogulitsa uja anatembenuka, mano onse panja. "Mwaonatu madamu? Apo inu, uku wamkulu, uku kakang'ono. Banja lonse lakwana."

"Imikani galimoto," ndinatero.

Anaimika msanga koma mofatsa, pambali pa munda wa nthochi, nkutembenuka ndi maso amantha. "Mukumva kupweteka?"

"Mpando wachiwiriwo ngwa mwana wa yani?"

Amuna anga anayang'ana wogulitsa uja. "Achimwene, tatsikani pang'ono, mukaone ngati nthochi izo akugulitsa."

"Asatsike," ndinatero. "Iwowa akudziwa za m'nyumba mwanga kuposa ine mwini. Akhale amve."

"Amayi, zimenezi tikakambirana kunyumba."

"Kunyumba iti? Yanga, kapena ya kumakomboni?"

Ine ndinapitiriza, ndipo ndinakhuthula zonse: za sitolo ya amwenye, za mafoni a pakhonde, za galimoto yofiirira imene anaikana chifukwa cha lamba wa mwana amene ine sindikumudziwa, za mayi wamtali wa ku sikelo. Nditatchula mayiyo anachita tsinya ngati akuyesa kukumbukira kuti ndi uti, ndipo ine ndinati taonani kunama kwake. Mwana wathu anayamba kulira.

"Ndapota nanu," anatero, mawu ali pansipansi. Akavutika mtima Chichewa chawo chimapendekera ku Chilomwe, ndipo tsiku limenelo chinapendekeratu. "Ndapota nanu amayi, musandiyankhulitse."

"Mutchule. Mukapanda kutchula ndikutsika pompano ndi mwana wanga, ndikakwera matola, mukamva ndili ku Kasungu."

Ndinayamba kumasula malamba a mwana. Kachitsulo ka pachifuwa kankandikanika, koma ndinakatsegula. Nditagwira chitseko, anayankhula atayang'ana kutsogolo, manja ali pachiwongolero.

"Ngwanu. Wa m'mimba mwanumo."

Sindinamve bwino, kapena ndinamva koma mutu unakana. Anatembenuka, maso ali ofiira.

"Masabata onsewa ndakhala ndikukufunsani kuti pakatipo pali bwanji. Inu mumangoti pothina."

Mayi woyembekezera timati ali ndi pakati, liwu limene mwana aliyense amalidziwa, ndipo ine mphunzitsi wa Chichewa ndinalimva Loweruka lililonse nkumayankha za mpando. Anali atapeza njira yofunsira popanda kutchula, pamaso pa mlendo, masana dzuwa likuswa mtengo. Ankadikira kuti tsiku lina ndingoti pali bwino, basi, iwo nkumva.

Wogulitsa uja anatsegula chitseko mwakachetechete nkutsika. Aka kanali koyamba kumuona alibe chonena. Anakaima patali, nkumayang'anitsitsa mkoko wa nthochi ngati akufuna kuugula.

"Munadziwa bwanji?" ndinafunsa.

"Tiyi munasiya liti? Inu munthu wa makapu anayi patsiku. Fakitale ikayamba kununkhira mumatseka mawindo onse. Pa mwana uyu munkatero, kawiri konse kaja munkateronso. Ine ntchito yanga ndi kuyang'ana, amayi."

"Nanga si munati mmodzi atikwanira?"

"Ndinanena kuti inu musamadzione wolakwa." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Kachiwiri kaja azimayi anatenga kanthu kaja nkukakwirira okha. Ine anandiuza kuti amuna sapitako. Mpaka lero sindidziwa kuti ndi pati. Maulendo onse awiri ndinalengeza msanga, ndinauza amayi anga, ndinauza a kuofesi, ndinagula mpaka kabulangete. Ndiye ulendo uno ndinati nditseke pakamwa, mwina ameneyu akhala."

"Koma wogulitsayu munamuuza."

"Ndinangoti mipando iwiri. Zinazo anawonjezera yekha, pakamwa pake mukupadziwa. Kampando ka kusitolo kaja ndinangokayang'ana kukula kwake. Sindinakagule. Sindinakagwire nkomwe."

Ndinamangiriranso mwana m'mpando wake. Nditalephera kutseka kachitsulo kaja, anatsika, kuzungulira, nkudzatseka okha. Ndinati pepani. Anati zatha. Anaitana wogulitsa uja, nkutembenuza galimoto, ndipo ulendo wonse wobwerera mwana ankangofuna chinanazi.

Galimotoyo tinaigula. Pofika Lachiwiri, mkazi wa injiniya uja anali atamva kale, sindidziwa kudzera kwa yani, ndipo anabwera ndi mandimu akuti amathandiza nseru. Sabata isanathe aliyense wondipatsa moni ankayamba wayang'ana pamimba. Mayi wamtali wa ku sikelo ndinamuyamba ndine moni. Anayankha mwaulemu, osaima.

Poti nkhani inali itatuluka kale, tinayamba kuikamba, ndipo ndisaname, masabata amenewo anali okoma. Tinkakangana za mayina. Madzulo akaweruka ankandiyendetsa pang'onopang'ono m'misewu ya m'minda, mawindo otseka chifukwa cha fungo la fakitale, ine ndili kumbuyo pafupi ndi mwana. Katoni ija anaichotsa. Nthawi zina ndinkawapeza akundiyang'ana mwamantha, koma ndikawayang'ana ankamwetulira.

Mwezi wachisanu uli pakati, Lachinayi m'mawa, ndikulemba pabolodi, ndinamva kutentha kukutsika m'miyendo. Ndinauza ana kuti akopere zimene ndalemba, nkutuluka mogwira khoma. Amuna anga anabwera ndi galimoto ija kuchokera kumunda. Mvula inali ikugwa kuyambira dzulo lake, ndipo pachitunda chija pamene kagalimoto kakale kanatigwetsera panali lole itatitimira. Iwo anailambalala kudzera m'mphepete mwa tiyi, matayala onse anayi akukumba. Tinafika kuchipatala chachikulu nthawi yabwino yoti ine ndipulumuke. Mwanayo anali wamwamuna.

Dokotala anandifotokozera bwinobwino, mpaka kujambula papepala. Anati khomo la chiberekero changa limatseguka lokha mwana akayamba kulemera, ndipo ndi zimene zinachitika maulendo onse atatu. Anati mwana wathu wamkaziyo anangochita mwayi. Ndinamufunsa, ndikuchita manyazi, ngati kuyankhula kungachititse zotere. Sanaseke. Anati ayi mayi, ngakhale mukanakhala chete miyezi yonse isanu ndi inayi. Mutu wanga unavomera, ndipo mpaka pano umavomera.

Sitinayeserenso. Galimoto ija inatitumikira zaka zambiri, kwa Mphuka, ku Kasungu, kumaukwati ndi kumaliro. Mwana wathu anakula mpaka mpando uja unamuchepera, tinaupereka kwa mphunzitsi mnzanga.

Chiyambire tsiku la kuchipatala, amuna anga sananenepo kuti ndine ndinawayankhulitsa. Takangana kangapo pa nkhani zina, mpaka kumenyetsa zitseko, ndipo nthawi iliyonse ndimatchera khutu ndikuti mwina lero zituluka. Sizinatulukepo. Anthu amati ndinapeza mwamuna wabwino, ndipo ndi zoona. Koma ine ndinaona ndi maso anga kuti munthuyu amatha kudziwa chinthu, kudya nane mbale imodzi, osachitchula. Sindidziwa ngati anakhulupirira dokotala uja, kapena ngati mumtima mwawo mwana wathu anafera pamsewu wa ku Masambanjati. Ndimafunitsitsa kudziwa, koma ulendo uno sindiwafunsa.